Ba Emeliya, Sopulano wa ku Bundabunda

Sabata yatha chinakwana chaka chiwaikireni ba Emeliya m'manda a kwawo ku Bundabunda. Anzanga a m'kwaya anandipempha kuti ndilembeko kenakake, poti ndine amene ndinawalizira kiyibodi zaka pafupifupi makumi awiri. Ndinakana kawiri konse. Munthu amene wakhala akukudzudzula Lamlungu lililonse kwa zaka zonsezo ukhoza kumukonda ndi mtima wonse, koma kuti umulembe papepala umachita mantha, ngati atulukira kudzaloza pamene walakwitsa.

Pa maliro awo panali magulu awiri a anthu, ndipo gulu lililonse linkadziwa mbali imodzi yokha ya munthu amene tinkamuikayo. A ku Lusaka anabwera pa magalimoto, atavala masuti akuda, ena atanyamula zithunzi zakale za mtsikana wochepa thupi ataima pa nsanja ya ku Ulaya, diresi likukwekwereka pansi. Amayi a m'mudzi ankapatsirana zithunzizo n'kumafunsana: "Ni ba Emeliya bamene aba? Bamene benze kutikalipila mu kwaya?" A ku Lusaka nawonso anadabwa kuona amayi a ku Nkomeshya, kumene malemuwa ankakhala, atakhala pansi m'fumbi, akulira ngati aferedwa mayi wowabala. Bambo wina wa imvi anandinong'oneza kuti iye ankayesa kuti mayiyu anakalamba yekhayekha, woiwalika kumudzi. Ndinamuuza kuti ayi, kumudzi kunalibe munthu amene akanatha kuwaiwala, ngakhale atafunitsitsa.

Ine ndinawadziwa atakula kale. Nditamanga kanyumba kanga ku Silverest, nthawi imene kunali kudakali tchire ndi mapuloti owerengeka, ndinayamba kupemphera pa tchalitchi china cha m'mbali mwa msewu wa ku Chongwe, kumene alimi a m'midzi ndi ife ogwira ntchito m'tauni timasonkhana pamodzi. Atamva kuti ndimatha kuliza kiyibodi, anandiika kutsogolo. Tsiku loyamba la maphunziro a kwaya, ndisanamalize ndi mzere woyamba womwe, mayi wina wamtali, wa mpango m'khosi, anakweza dzanja.

"Iwe mwana, dzina lako ndiwe ndani?"

"Ndine Jeneti, ba Anti."

"Jeneti, uthamangila kuti? Nyimbo si minibasi yofuna kufika mu tauni maofesi asanatsegule. Lindila bantu bapume."

Ndinali mayi wa ana atatu, koma ndinachita manyazi ngati mwana wa sukulu. Ndinaganiza zosabweranso. Sabata yotsatira ndinali pomwepo.

Ba Emeliyawa mmero wawo ankausamala ngati khanda. Madzi ozizira sankawayandikira, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Kulikonse ankayenda ndi fulasiki ya madzi ofunda, muli kagawo ka ndimu. Mpango sunkachoka m'khosi. Anthu akayamba kutentha tchire, iwo ankadzitsekera m'nyumba, atatseka mipata ya zitseko ndi nsanza zonyowa. Ndipo akakhala ndi poimba pa mwambo waukulu, kuyambira dzulo lake sankalankhula ndi munthu. Wobwera kudzabwereka nkhwangwa ankangomulozera pamene ili, wopereka moni ankangomugwedezera mutu. Osawadziwa ankati n'kunyada. Iwo ankayankha, pa masiku olankhula, kuti mlimi wanzeru sasiya khasu lake pamvula, ndipo khasu lawo linali pakhosipo.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kachilendo. Ankatigoneka chagada pa simenti ya tchalitchi, amayi aulemu wathu, aliyense buku la nyimbo pamimba, n'kutiuza kuti tipume mpaka bukulo likwere. Amayi ankafa nako kuseka. Iwo sankaseka. Ankayendayenda pakati pathu ngati namwino m'wodi, akumagunda ndi chala chaphazi mapewa a aliyense wopumira m'chifuwa. Ankati mawu ochokera pakhosi ali ngati madzi a pachithaphwi, satha sabata, pamene mawu enieni amatungidwa pansi, pachitsime. Ankatinso munthu wokuwa nyimbo yonse ndiye kuti alibe chonena. Nyimbo imodzi tinkatha kuibwereza mwezi wathunthu chifukwa cha liwu limodzi limene tinkalimeza kumapeto.

Anabadwira m'banja la alimi a mapira. Ankanena kuti anaphunzira kuimba chifukwa cha mbalame zakuba. Mapira akamacha, mayi awo ankawakweza m'mamawa pa nsanja ya mitengo pakati pa munda, ndipo ntchito yawo inali kukuwa mpaka dzuwa kupendeka. Ana okuwira pakhosi ankasasa mawu lisanathe tsiku lachiwiri. Iwo anadzipezera okha njira yoponyera mawu kutsidya kwa dambo osamva kupweteka. Mayi wina wachizungu wophunzitsa pa sukulu ya mishoni, akudutsa pa njinga, anamva mawuwo, natsika, nafunsa kuti ameneyo ndi mwana wa yani. Kuchokera apo inali sukulu ya mishoni, kenako sukulu ya atsikana ku Lusaka, ndipo dziko litangolandira ufulu anasankhidwa kupita ku Ulaya kukaphunzira kuimba. Bambo awo anakana kwamtuwagalu, ati kuimba si ntchito, aliyense amaimba polima. Mayi awo ndiwo anawaperekeza mpaka kumsewu, atawamangira nsawa zokazinga pa kansalu.

Ku Ulaya anakhalako zaka pafupifupi makumi awiri. Mawu awo anali a sopulano, aja okwera kwambiri a akazi, koma aphunzitsi awo ankasowa pomwe angawaike. Lero aimba nyimbo yopepuka, yothamanga ngati namzeze, mawa aimba yolemera, ya mkazi wolusa. Ankaimba m'masewero aja amene nkhani yonse imaimbidwa, amene eni ake amati opera. Ankaimba nyimbo za Chilatini m'matchalitchi akuluakulu pa Pasaka ndi pa Khirisimasi. Ankaimbanso tinyimbo ta Chijeremani, iwo okha ndi woliza piyano mmodzi. Chitaliyana ankachilankhula ngati chobadwa nacho, makamaka akapsa mtima. Poyamba ankangowapatsa mbali za adzakazi ndi akapolo, mpaka tsiku limene anamuuza mkulu wa nyumba ya masewero kuti kwawo akazi amakhala mafumu, ndipo ngati akufuna kuona mmene mfumukazi imayendera, awapatse mbaliyo aone. Anawapatsa.

Za masiku amenewo sankakamba kawirikawiri, koma akakondwa ankatisimbira mmene anafera pa nsanja: kubayidwa ndi mpeni, kumwa poizoni, kufa ndi chifuwa chachikulu, ndipo kamodzi kudziponya kuchokera pamwamba pa linga n'kugwera pa matiresi obisidwa kuseri.

"Manje ba Emeliya," anafunsa mayi wina wa m'kwaya, "munthu bamubaya na mpeni, aimba bwanji futi?"

"Bazungu bamafa pang'ono pang'ono," anayankha, nkhope ili gwa. "Ine nenze kufa maminiti khumi na asanu, na mpweya wokwana."

Chimene chinawabweza kuno ankachisinthasintha malinga ndi wofunsa. Kwa abusa ankati ndi Mulungu. Kwa atolankhani ankati ndi dziko. Ine anandiuza zina tsiku limene tinkasenda nsawa pakhonde pawo. Anati anatopa ndi kuimbira anthu osayankha. Kuja umaimba ola lathunthu anthu ali phee ngati mulibe munthu, kenako aombe m'manja, avale majasi, azipita kwawo. Kwathu ukaponya nyimbo, wina amaiwakha. Iwo anasowa wowakha.

Atabwerera anaphunzitsa nyimbo pa koleji ina ya aphunzitsi ku Lusaka. Ankamveka pa wailesi, m'maukwati a anthu otchuka, pa maliro a akuluakulu a boma. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti anaimbaponso ndi anyamata a magitala, oimba nyimbo zovina za kalindula, pa chimbale chimene chinavinitsa anthu m'mabala chaka chathunthu. Dzina lawo anakana kuti lilembedwepo, poopa akulu a mpingo. Anandiuza okha, akuseka mpaka misozi, n'kundiimbirako kachigawo kake, chiuno chikugwedezeka pampando. Sanakwatiwe, ndipo analibe mwana. Atapuma ntchito anapempha malo ku Nkomeshya, pafupi ndi mwana wa mlongo wawo, namanga nyumba ya zipinda zitatu. Chimanga chawo sichinkabereka bwino chaka ndi chaka, koma uphungu wa aliyense ankaukana.

Asakunamizeni munthu kuti anali ofatsa. Lilime lawo linali lumo. Mkazi wa mkulu wa mpingo, amene anaimba m'kwaya chimangireni tchalitchi, anamuuza pamaso pa anthu kuti azingogwedeza milomo, Mulungu amva ndithu. Mayiyo sanabwererenso, ndipo mpaka lero ndimaona kuti pamenepo analakwa. Abusa atagula masipika aakulu, ba Emeliya anadzuka pakati pa nyimbo n'kukazula chingwe kukhoma, nkhani mpaka inakafika pa bwalo la akulu. Inenso ndinanyanyala miyezi itatu atandiuza kuti zala zanga ndi za munthu wotayipa makalata a boma, zimene zinali zoona, chifukwa ndiyo inali ntchito yanga. Kupepesa sankakudziwa. Loweruka lina ndinangoona akutsika minibasi ku Silverest ndi maungu awiri m'thumba, n'kulowa m'nyumba, n'kukhala pampando wanga, n'kufunsa ngati ndayeseza nyimbo ya mawa. Ndinali nditaiyeseza.

Koma wokangana nawo weniweni anali ba Belita, amake Yosefe, mayi wamfupi, wojintcha, wogulitsa matimati pa msika wa ku Chongwe. Ba Belita sankatha kuwerenga ngakhale kadontho kamodzi ka nyimbo zolembedwa, koma kwa zaka makumi atatu panalibe maliro m'midzi imeneyo amene nyimbo yake yoyamba inatuluka pakamwa pa munthu wina. Iwo ankayambitsa, amayi n'kuyankha, ndipo mawu awo ankamveka mudzi wachitatu. Amayi awiriwa akakumana pa maphunziro a kwaya, tonse tinkadziwa kuti lero tiweruka mochedwa.

"Imwe amake Yosefe simuimba," ba Emeliya ankatero. "Muitana ng'ombe."

"Ng'ombe zimabwela nikaziitana," ba Belita ankabweza. "Manje imwe, kuimba kwanu kwa chizungu, munthu angalile nako? Angavine nako? Monga sayilini ya ambulansi chabe. Bantu bapatuka mu njila."

Ife tinkaseka titabisa nkhope m'mabuku. Abusa anayesa kuwayanjanitsa kawiri, kenako anagwa mphwayi.

Chaka china, ba Emeliya ali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, kunabwera kalata yochokera ku Ulaya. Mzungu wina wokalamba, amene anagwira naye ntchito iwo akadali mtsikana, ankabwera ku Lusaka ndi gulu lake la oliza mavayolini ndi malipenga, ndipo ankapempha kuti ba Emeliya adzaimbe nawo. Chibwerereni kuno anali asanaimbepo ndi gulu lotere. Ndinawaona akuwerenga kalatayo katatu. Anandiuza kuti uku ndiko kutsanzika kwawo, ndipo akufuna atsanzike ataimirira.

Tinayeseza miyezi itatu. Loweruka lililonse ndinkapita ku Nkomeshya, kiyibodi ili kumbuyo kwa galimoto. Nyimbo yaikulu inali ya Chitaliyana, yoyambira pansipansi n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka liwu limodzi la pamwamba penipeni, lofunika kuligwira nthawi yaitali. Masabata oyamba linkawathawa. Pofika mu Ogasiti linali likubwera loyera, lowongoka, moti ine ndinkaiwala kuliza. Diresi la buluu lalitali, limene linagona m'sutikesi zaka zambiri, analitulutsa n'kuliyanika pamthunzi. Konsati inali ya Loweruka, 3 koloko masana.

Lachitatu la sabata yomweyo Yosefe, mwana wamwamuna yekhayo wa ba Belita, woyendetsa minibasi, anafa pa ngozi pa msewu wa ku Lusaka. Anasiya mkazi ndi ana awiri. Ba Emeliya anapita kusiwa Lachinayi, atatseka pakamwa ndi mpango chifukwa cha utsi wa nkhuni. Anakhala pang'ono n'kubwerera, ndipo anthu anang'ung'udza. Mwambo woika maliro unakonzedwa kuti uchitike Loweruka m'mawa. Tonse tinadziwa kuti iwo sadzakhalapo.

Loweruka ndinawatenga cha m'ma 10 koloko, kuti tikapeze nthawi yoyeseza ndi gulu lija. Anali atavala kale diresi la buluu, ali chete monga mwa mwambo wawo. Kunali mphepo ija ya mu Ogasiti, yonyamula fumbi lofiira ndi makoko a chimanga. Msewu wochokera kwawo umadutsa m'mbali mwa manda. Tinaona khamu la anthu pansi pa mitengo, ndipo ndinachepetsa liwiro mwaulemu. Pamenepo ba Emeliya anandigwira mkono.

"Imilila."

Ndinadzidzimuka, chifukwa tsiku loimba sankatulutsa mawu.

"Ba Anti, nthawi."

"Zima injini. Umvela chani?"

Ndinatchera khutu. Kunkamveka mphepo ndi mafosholo.

"Kulibe, ba Anti."

"Ndiye vamene," anatero. "Baika mwana mu manda kopanda nyimbo."

Mmene zinachitikira ndinamva pambuyo pake. Bokosi litatsitsidwa, amayi onse anayang'ana ba Belita monga mwa chizolowezi. Ba Belita anatsegula pakamwa, koma sipanatuluke kanthu. Mayi wina anayesa kuyambitsa, mawu akunjenjemera, anzake osamuyankha bwino, nyimbo n'kufera panjira. Kwa zaka makumi atatu palibe anaphunzira kuyamba. Ndiye amuna anangoyamba kukwirira, khamu lonse lili duu, ndipo mayi amene anaimbira akufa a mudzi uliwonse ankamva dothi likugwera pa bokosi la mwana wake, phi, phi, popanda chobisa phokosolo.

Ba Emeliya anatsegula chitseko. Anatenga chitenge changa pa mpando wakumbuyo, nachimanga pamwamba pa diresi, navula nsapato zawo zazitali, navulanso mpango n'kundipatsa. Ndinawagwira dzanja.

"Ba Anti, onani fumbi. Muzaononga mawu. Miyezi itatu, ba Anti!"

"Nisiye, Jeneti."

Anayenda opanda nsapato pakati pa mitumbira, anthu akupatuka, nakagwada m'fumbi pambali pa ba Belita. Ndiyeno anayambitsa nyimbo ya Chisoli, chilankhulo cha m'derali, nyimbo yakale imene ba Belita ankakonda kuyamba nayo. Mawu amene anatuluka ndinali ndisanawamvepo chiwadziwireni: a pansi, okhuthala, otseguka, a mayi wa kumunda, kuimba komwe kuja ankakutcha kuitana ng'ombe. Amayi anayankha ngati mtsinje wosefukira. Itatha yoyamba, anayamba yachiwiri. Mphepo inkawathira fumbi m'kamwa, iwo osaleka. Pa nyimbo yachinayi ba Belita anadzutsa mutu, nayang'ana amene wagwada pambali pawo, nayang'ananso. Kenako anayamba kuyankha nawo, mawu osweka, mutu atautsamiritsa pa phewa la diresi la buluu lija.

Anaimba mpaka dzenje linadzaza, nkhata zamaluwa zinaikidwa, abusa anadalitsa. Inali itadutsa 1 koloko. Ine ndinaima kumbuyo, mpango ndi nsapato zili m'manja, ndikulira, ndipo sindinganame kuti misozi yonseyo inali ya Yosefe. Ina inali yaukali.

M'galimoto ba Emeliya ankangotsokomola n'kumamwa madzi a m'fulasiki. Tinafika pa holo ya konsati ku Lusaka anthu atayamba kale kulowa. Mzungu uja anathamanga kudzawakumbatira, koma atangomva moni wawo nkhope yake inagwa. Anawapempha kuti amulole kulengeza kuti adwala. Iwo anakana, amvekere anthu abwera kudzaona Emeliya, ndipo amuona mmene alili.

Ndinakhala pa mzere wachitatu. Anatulukira pa nsanja, m'munsi mwa diresi muli fumbi lofiira limene tinalephera kulikuntha. Mavayolini anayamba. Chigawo cha pansi anachiimba mokoma kuposa tsiku lililonse limene tinayeseza, mawu ali ndi kamchenga pang'ono, moti mayi wa pambali panga anagwira pamtima. Nyimbo inayamba kukwera. Ine ndinkakwera nayo, zikhadabo zitalowa m'zikhatho. Pofika pa liwu lija anatsegula pakamwa, ndipo panatuluka mpweya wokha. Anayesanso. Mawu anathyoka ngati phesi louma.

Anakweza dzanja, oliza onse n'kuleka. M'holo munangoti zii. Analankhula m'Chingerezi, motsitsa, koma aliyense anamva. Anapepesa, nati mawu amene anthu adzera awasiya kumanda m'mawa womwewo, chifukwa mnzawo waika mwana wake. Anawerama, natuluka okha, msana utawongoka. Anthu anaomba m'manja mosokonezeka, ena ataimirira, ena akuyang'anana. Nyuzipepala ina inalemba sabata yotsatira kuti woimba wanzeru amadziwa nthawi yosiyira. Gulu lija linakwera ndege Lolemba, ndipo mzungu uja anamwalira zisanathe zaka ziwiri. Ba Emeliya sanaimbenso ndi mavayolini.

Pobwerera tsiku limenelo, titadutsa Silverest, ndinalephera kuugwira mtima.

"Mukanapita chabe mawa kukapepesa, ba Anti. Bantu bakanamvetsa."

Anayankha monong'ona, poti mawu analibe.

"Mawa manda niyotseka kale. Uja muzungu enze na mavayolini yake yambili. Amake Yosefe benze na ndani?"

Musaganize kuti sizinawapweteke. Patatha mwezi mawu anabwerera onse, ndi liwu la pamwamba lija lomwe, ndipo ndikuganiza kuti chimenecho ndicho chinawawawa koposa. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pakhonde, mapepala a nyimbo ya Chitaliyana ija ali pamiyendo. Anandipatsa, nati ndiwachotsere m'nyumba mwawo. Za tsikulo sanazitchulenso.

Ba Belita sanadziwe za konsati mpaka ine nditawauza pa msika, patapita milungu ingapo. Anamvetsera akusanja matimati, osandiyang'ana. Nditamaliza anangoti, "Ba Emeliya nabo!" n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenge. Pa maphunziro a kwaya otsatira anakangananso monga kale, za ng'ombe ndi za ambulansi. Koma kuyambira chaka chimenecho, nyengo yotentha tchire ikafika, ba Belita ankayenda khomo ndi khomo kuchenjeza kuti woyatsa moto mphepo ikulowera kwa ba Emeliya adzaona chimene chidameta nkhanga mpala. Ndipo pa maliro alionse amayi awiriwa ankakhala pamodzi: ba Belita kuyambitsa, amayi kuyankha, ba Emeliya n'kuyala kamawu kawo kowonda pamwamba pa onse ngati ulusi. A mipingo ina ankabwera kudzafunsa kuti kaimbidwe kameneka tinakatenga kuti.

Zaka zomaliza ba Emeliya miyendo inawakana, ankaimba atakhala, koma khutu silinakalambe. Anadwala masabata awiri okha, m'nyengo yozizira, kunyumba kwa mwana wa mlongo wawo uja. Nditapita kukawaona Lachisanu masana, anali atafooka moti ndinachita kuika khutu pakamwa pawo. Ndinkayesa andipatsa mawu otsanzika. Anafunsa nyimbo imene tikaimbe Lamlungu. Nditawauza, anatsinzina, nati amuna a besi, aja a mawu a pansi, akaiphonya pa ndime yachiwiri. Anatisiya Loweruka m'mawa. Lamlungu a besi anaiphonyadi, pa ndime yachiwiri. Pa maliro a ba Emeliya, ba Belita, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anayambitsa nyimbo masiku atatu, osalola wina aliyense kuwalandira.

M'tchalitchi mwathu a sopulano amakhala pa benchi lakutsogolo, kumanzere kwa guwa. Malo a ba Emeliya anali kumapeto, pafupi ndi zenera limene galasi lake linasweka kalekale n'kumatidwa ndi katoni. Palibe anapangana kanthu, koma chaka chonsechi amayi amakhala mothithikana kumbali inayo, n'kusiya mpata woti munthu mmodzi akhoza kukhalapo. Thabwa la pamenepo ndi losalala kuposa pena ponse. Miyezi yoyamba pankakhala popanda kanthu, tsopano ena ayamba kuikapo zikwama ndi maambulera. Kiyibodi yanga imayang'ana pomwepo. Kale, nyimbo isanayambe, ndinkamva ba Emeliya akukoka mpweya, ndipo zala zanga zinkatsika pa mpweya umenewo. Masiku ano ndimachita kuwerenga chamumtima. Nyimbo zonse ndinazitsitsa pang'ono, kuti amayi azifika pamwamba osavutika. Mwina anazindikira, mwina ayi. Palibe amene wandifunsa.